Ming'oma Ili Kumbuyo, Injini Yazima

Galimoto idazima koyamba atangowoloka mlatho wamatabwa. Sidatsokomole, sidanjenjemere. Idangoti zii, ngati wina wapotokola kiyi, n'kuyenda yokha pang'ono mpaka kuima pakati pa msewu wafumbi.

Noeleen Garrity adakhala chigwirire chiwongolero. Kumbuyo kwa pikapuyo kudali ming'oma khumi ndi iwiri, yomangidwa ndi malamba, makomo ake otsekedwa ndi sefa. Injini itakhala chete ndi pomwe adazimva njuchizo zikulira chapansipansi.

"Mayi, mwazimitsa ndinu?" adafunsa Lopeti, mkamwini wake.

"Ndizimitsirenji? Ukuona ngati ndabwera kudzaona malo?"

Ulendowu sudali wake. Njuchi zidali za Merv, mwamuna wake, ndipo pikapu yakaleyo Merv sankalola munthu wina kuiyendetsa. Koma Merv adali atagwa padenga la shedi pokhoma lata, ndipo tsopano adali gone m'chipatala cha ku tawuni, mwendo uli m'chikhakha. Dzulo lake madzulo Brodie Haskett, mlimi wa thonje woyandikana nawo, adabwera chipewa chili m'manja kudzanena kuti mbozi zamuvuta, ndege idzapopera mankhwala mawa lake masana. Njuchi zikapezeka pafupi ndi mundawo ndiye kuti zatha. Zidayenera kupita kumtsinje, kumene mabulugamu adali atachita maluwa, pamalo pomwe Merv amaziika chaka ndi chaka.

Noeleen uchi ankaudziwa: kusefa, kuthira m'mabotolo, kugulitsa pamsika Loweruka. Kusamutsa ming'oma adali asadachitepo. Ndiye adaitana Lopeti, mwamuna wa mwana wake Kerryn, chimphona chochokera ku zilumba za Tonga, za pakati pa nyanja yamchere, chogwira ntchito kophera ng'ombe. Mng'oma wodzaza uchi Lopeti ankaunyamula yekha ngati katoni yopanda kanthu, koma njuchi imodzi ikalowa m'nyumba iye ankatulukira pakhomo lakumbuyo. Adatseka ming'oma kusanache, koma kupakira kudawadyera nthawi, ndipo pomwe ankanyamuka dzuwa lidali litatuluka kale.

Noeleen adapotokola kiyi. Injini idazungulira bwinobwino, batire ili ndi mphamvu, koma osalira. Adayesanso. Lopeti adatsika, adatsegula boneti, n'kuima manja m'chiuno.

"Ukuonapo chiyani?"

"Injini ilipo, Mayi."

"Zikomo kwambiri. Ndimada nkhawa kuti yagwera mumtsinje."

Noeleen adazungulira galimoto, adagwira malamba, adaika khutu pa mng'oma, adabwerera, adakhala pansi, adadzukanso. Patapita kanthawi adangoyesa mwa mwayi, ndipo injini idalira ngati palibe chomwe chachitika.

"Mwina inangofuna kupuma," adatero Lopeti.

Idawanyamula bwino ndithu mpaka kudutsa holo yakale ya m'mbali mwa msewu, kenaka idazimanso. Apa padali poipa. Kumanja chigwa, kumanzere chigwa, udzu wouma mbuu, mtengo ngakhale umodzi osaoneka. Dzuwa la Januwale, mwezi wa pakati pa chilimwe m'dzikoli, lidali litayamba kale kuluma pakhosi. Njuchi zotsekeredwa zimapirira galimoto ikamayenda, chifukwa mphepo imadutsa m'sefa. Ikaima padzuwa zimayamba kudziwotcha zokha m'katimo. Zimenezi Merv adazinena kambirimbiri pa tebulo, ndipo lero ndi pomwe Noeleen adazikumbukira zonse.

Foni idalibe netiweki. Chapatali pang'ono, kuseri kwa mpanda wawaya, kudali mulu wa dothi wa damu lomwera ng'ombe. Noeleen adadzipanikiza pakati pa mawaya, adakwera muluwo akupuma wefuwefu, ndipo pamwamba penipeni foni idagwira.

"Mwafika?" Mawu a Merv adali a munthu amene wakhala akuyang'ana foni kuyambira m'bandakucha.

"Tafika kuti? Chigalimoto chako chafa."

"Usachitche chigalimoto. Yatani?"

"Yazima. Ikuzungulira koma osalira. Kachiwiri tsopano."

Merv adati, "Yambani ndi petulo. Uza mnyamatayo achotse chivundikiro chozungulira chija pamwamba pa injini, asuzumire m'kabuleta, molowera petulo muja, iwe uponde mafuta. Aone ngati petulo akuthovoka."

Noeleen adatsika mulu, adadutsa mpanda, adaponda mafuta. Petulo adathovoka, fungo lake mpaka kumveka m'galimoto. Adadutsanso mpanda, waya n'kumukola malaya, adakweranso mulu.

"Petulo alipo."

"Ndiye ndi moto. Azule waya mmodzi wa pulagi, alowetse sikuludiraiva kumapeto kwake, ayandikize chitsulocho pa injini koma osakhudza. Iwe upotokole kiyi. Pakhale kamoto kabuluu kodumpha, kakulira kuti tswa, tswa."

"Ukananena zonse pakamodzi, nkhalamba iwe. Ndili ndi mawondo awiri okha."

"Ine ndili ndi limodzi, ndiye usadandaule."

Adatsikanso. Lopeti adagwira sikuludiraiva ndi zala ziwiri, nkhope atayang'anitsa kumbali. Noeleen adapotokola kiyi. Palibe. Adapotokolanso. Palibe.

"Ukugwira bwino koma?"

"Ndikugwira monga mwanenera, Mayi. Moto mulibe muno."

Noeleen adatunga madzi m'chigubu ndi kapu n'kuwaza pa masefa a ming'oma. Kulira kwa njuchi kudali kutakwera. Zina zidadzazana pa sefa, timiyendo tikutuluka m'mabowo. Adathira madzi pa masaka awiri akale n'kufunditsa ming'oma ya pamwamba, kenaka adabwerera pa kiyi, chifukwa kungoima sakadatha.

"Yesanso."

Lopeti adali atatopa ndi zala ziwiri zija. Tsopano adagwira ndi dzanja lonse, chala chachikulu chili pa chitsulo. Noeleen adapotokola.

Chimphona chija chidalumpha, mutu n'kugunda boneti, sikuludiraiva n'kuulukira m'udzu. Lopeti adalankhula mawu angapo a kwawo amene sadaoneke ngati a m'tchalitchi, akukupiza dzanja.

"Wabwera, Mayi! Moto wabwera! Wafika mpaka m'mano!"

Noeleen adaseka osafuna, koma kuseka kudatha msanga. Adayang'ana injiniyo. Itatentha, moto kulibe. Yakhala boneti ili yasa, yazizirako, moto wabwera. Pa mlatho paja zidachitikanso chimodzimodzi. Adauza Lopeti kuti abwezere waya, koma asalize kaye, ndipo adakweranso mulu uja.

"Moto umathawa ikatentha, umabwerera ikazizira," adamuuza Merv. "N'chiyani chimenecho?"

"Kodi mwaima pati?"

"Tadutsa holo."

"Mwadutsa holo? Osaima? Nanga pa mlatho munaima?"

"Inatiimitsa yokha."

"Ndiye munayenera kuimanso pa holo, mkazi iwe! Pa mlatho, pa holo, ndi pa chipata cha ng'ombe chija. Boneti n'kutsegula. Ukatero siivuta."

Noeleen adachotsa foni pakhutu n'kuiyang'ana. Ntchentche zidamutera m'milomo osazipirikitsa. Kuyambira chilimwe chatha, ulendo uliwonse wa kumtsinje Merv ankaima pa mlatho, ati aone ngati madzi akwera. Pa holo ankaima, ati amwe tiyi pamthunzi wa khonde, ati moyo si wothamangira. Pa chipata ankatsika kukanunkhiza maluwa a mitengo. Ndipo nthawi zonse ankatsegula boneti, ati aone oyilo. Noeleen adafika pouza Kerryn kuti bambo ako ukalamba wawafewetsa, masiku ano amandiimitsa panjira kuti timwe tiyi awiriwiri ngati tili pa chibwenzi.

"Merv."

"Ee."

"Tiyi uja wa pa holo."

"Watani tiyi?"

"Unkadikira galimoto kuti izizire."

"Tiyi ndinkamufunanso."

"Chaka chathunthu! Ine n'kumaphika masikono, n'kumavala chipewa chabwino!"

"Noeleen, njuchi zili padzuwa. Zimenezo tikambirana. Mvetsera. Vuto si koyilo yotulutsa moto ija, ndinasintha kale. Mapulagi ndinasintha. Ine ndimaganizira kabokosi kakuda kamene kali m'mbali mwa disitibyuta, chija chotuluka mawaya ambiri ngati miyendo ya kangaude. Koma sindinatsimikize."

"Chaka chathunthu osatsimikiza?"

"Imandifikitsa! Ndikanavutikiranji? Iii, nesi wabwera ndi mankhwala."

"Usandinamize ndi nesi!"

Foni idaduka.

Adatsika muluwo mwaliwiro loti mawondo adaiwala kudandaula. Lopeti ataona nkhope ya apongozi ake adatseka boneti msanga.

"Apongozi ako aamuna ndi kamberembere," adatero Noeleen. "Tiye. Ikazimanso sitidikira. Tiziziritsa chinthu chimodzichimodzi mpaka tipeze chomwe chikudana ndi kutentha."

Adayenda mawindo ali otsegula, Noeleen maso pa msewu, makutu ku injini, mtima kumbuyo. Phazi linkafuna kuponda kwambiri, koma msewu udali wa mabampu, ndipo bampu lililonse linkagwedeza malesa a uchi m'ming'omamo. Lopeti adayamba kuimba nyimbo ya m'tchalitchi chapansipansi.

"Leka, ndikumvetsera injini."

Adaleka. Patangopita pang'ono Noeleen adati, "Imba, chete ameneyu akundipweteka mutu."

Idazima kachitatu asadafike pa chipata cha ng'ombe. Onse adatsika nthawi imodzi. Lopeti adanyowetsa nsanza n'kukulunga koyilo, poti mawu a Merv lero sadali oti n'kuwakhulupirira onse. Noeleen adapotokola kiyi. Osalira. Adathirapo madzi ena. Osalira.

"Tsopano kabokosiko."

Kadali kakang'ono ngati bokosi la machesi, komangidwa ndi tizitsulo tiwiri. Lopeti adakakhudza n'kubweza chala msanga.

"Mungakazingirepo dzira apa."

"Madzi asalowe m'mawayamo. Finya nsanzayo."

Nsanza itangokhudza padatuluka nthunzi. Adainyowetsanso, adaikaponso. Noeleen adapotokola, ndipo injini idalira nthawi yomweyo.

"Ndi kameneka!" adakuwa Lopeti, akumenya dzanja pa chitseko. "Kakang'onong'ono chonchi n'kumatizunza tonsefe?"

Kudziwa wolakwa kudali kwina, kufika kumtsinje kudalinso kwina. Nsanza yonyowa pa injini yotentha siichedwa kuuma, ndipo madzi a m'chigubu adali a njuchi. Noeleen adatsegula bokosi la kamba. Pansi pa masangweji a nyama yankhosa padali mabotolo awiri aang'ono a madzi oundana.

"Vula sokosi."

"Mayi?"

"Sokosi, Lopeti. Zanga n'zazifupi."

Adalowetsa botolo m'sokosi, adaligoneka pa kabokosiko, n'kumanga ndi waya wa mpanda womwe adaupeza pansi pa mpando. Zidaoneka zochititsa manyazi, koma pikapu idayenda. Idadutsa chipata cha ng'ombe osaima. Noeleen adachiyang'ana chipatacho ndi diso loipa.

Dzuwa lidafika pamutu. Mphepo yolowa pawindo idali ngati yochokera mu uvuni. Botolo loyamba litasungunuka injini idayamba kudumphadumpha, ndipo adaima dala n'kuika lachiwiri. Ndi pomwe Noeleen adamva fungo. Lidali lokoma, lolemera, la phula lotentha. Adazungulira kumbuyo. Pansi pa mng'oma wa chivundikiro chobiriwira, womwe udali pakati penipeni pomwe mphepo siinkafika, uchi udali kudontha, ukuyenderera pa chitsulo mpaka kugwera m'fumbi.

Adathira madzi onse otsala pa masefa, chigubu n'kuchiponya kumbuyo.

Botolo lachiwiri silidakhalitse ngati loyamba. Injini idati zii pomwe mzere wa mitengo udayamba kuoneka kutsogolo, ukuvinavina m'kutentha. Sikudali kumalo kwa Merv. Kumeneko kudali kukadali kutali, kuseri kwa mapindikidwe awiri a mtsinje. Iyi idali nthambi chabe ya mtsinjewo, koma mitengo idalipo, ndi mthunzi.

Tsopano njuchi sizinkaliranso chapansipansi. Zinkabangula.

"Tidikire izizire?" adafunsa Lopeti.

"Sizidikira izi."

"Tiimbire Bambo?"

"Bambo ako anena zokwanira lero." Noeleen adayang'ana msewu. Unkatsetsereka pang'ono kwambiri, moti munthu woyenda pansi sakadazindikira. "Ungaikankhe?"

Lopeti adayang'ana pikapu, adayang'ana ming'oma, adayang'ana mitengo ija. Adavala chipewa chaukonde, adamanga mabatani mpaka m'khosi, n'kuika phewa pa chitseko chakumbuyo, nkhope yake ili pafupi ndi masefa odzaza njuchi zolusa. Poyamba sidasunthe. Kenaka miyala idayamba kulira pansi pa matayala. Noeleen ankawongolera chitseko chili chotsegula, mwendo umodzi kunja ukuthandiza kupalasa, akumva mpweya wa mkamwini wake kumbuyo ngati wa ng'ombe yokoka ngolo. Pomwe kutsetsereka kudakula galimoto idamusiya, ndipo Lopeti adaithamangira, phazi limodzi lopanda sokosi likuguluka m'jombo.

Adaiimika pansi pa mabulugamu, pafupi ndi dziwe la madzi obiriwira. Malowo adali a yani, Noeleen sankadziwa. Zopepesa adaziika za mawa.

Padalibe nthawi yoyatsa chofukizira utsi. Lopeti ankatsitsa mng'oma, Noeleen n'kuzula sefa. Njuchi zidatuluka ngati madzi osefukira, zakuda bii, zina kukwawa pa khoma la mng'oma, zina kuuluka molunjika kudziwe, zina molunjika kwa Lopeti. Chipewa chaukonde chidali cha Merv, ndipo pa khosi la Lopeti chinkasiya mpata.

"Mayi, zalowa!"

"Usathamange! Usagwetse!"

"Zili m'khutu, Mayi!"

"Tsitsa kaye, ulira bwino!"

Sadagwetse ngakhale umodzi. Adatsitsa yonse, akubuula, akupemphera m'chinenero chakwawo, ndipo atatsitsa womaliza ndi pomwe adathamanga, n'kukadziponya m'dziwe ndi jombo zomwe.

Noeleen adatsala yekha ndi mng'oma wa chivundikiro chobiriwira. Atazula sefa sipadatuluke kanthu. Adatsegula pamwamba. Malesa adali atagwa n'kusanduka phala, ndipo njuchi zidali zomira mu uchi wawo womwe, zonyowa, zochepa chabe zikugwedeza miyendo. Adayesa kuzivuula ndi dzanja n'kuziika pa udzu, kenaka adaona kuti n'zopanda phindu. Adabwezera chivundikiro n'kutseka khomo kuti zinzake zingadzayambe kulanda. Adapukuta manja pa buluku, koma uchiwo sunkachoka.

Masana omwewo, kutali, ndege idayamba kulira, ikutsika ndi kukwera pa minda ya thonje.

Lopeti adavuuka diso limodzi litatsekeka kale, mlomo wam'mwamba utatupa ngati wa ngamila.

"Ukupuma bwino? Pakhosi pali bwanji?"

"Pakhosi pali bwino. Koma Kerryn sandizindikira."

"Khala pansi ndichotse mbola."

Adazipala ndi chikhadabo, imodzi imodzi, m'khosi, m'makutu, m'zikope. Atamaliza adamupatsa masangweji onse, ake omwe, iye n'kumayendayenda pakati pa ming'oma, akuwerama pa khomo lililonse. Njuchi zidali zitayamba kufola pakhomo n'kumakupiza mapiko, kulowetsa mphepo m'kati. Zina zinkabwera kale kuchokera kudziwe.

Kubwerera kudali kosavuta. Adadzaza chigubu ndi madzi a m'dziwe, ndipo injini ikangoyamba kudumpha ankaima, Lopeti n'kunyowetsa sokosi. Noeleen sadapite kunyumba. Nkhope ya mkamwini wake inkakulirakulira, ndiye adalunjika ku tawuni.

Nesi atamubaya Lopeti jekeseni n'kunena kuti akhale kaye pamenepo amuone, awiriwo adalowa m'chipinda cha Merv. Merv adali atakhala tsonga, tsitsi lili nyankhalala, chakudya chamasana chili pambali osachikhudza. Adayang'ana Lopeti nthawi yaitali.

"Mwana wanga, wakumenya ndani?"

"Antchito anu, Bambo."

Merv adafuna kuseka, koma adaona nkhope ya mkazi wake. "Ming'oma yatsala ingati?"

"Khumi ndi umodzi ili moyo," adatero Noeleen. "Wobiriwira wapita."

Merv adatembenukira kuwindo. Mng'oma umenewo adaugwira yekha, khamu la njuchi litatera pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba, ndipo mfumukazi yake ankaitama kwa aliyense wobwera kudzagula uchi. Noeleen adali atakonza mawu ambiri panjira, ena adachita kuwabwereza kuti asaiwale. Adawasunga.

"Ndi kabokosi kaja," adatero m'malo mwake. "Tatsimikiza. Mawa ndikaisiya kwa makaniko."

"Makaniko ayi. Ndi tizitsulo tiwiri tokha. Ugule kabokosi katsopano, kumbuyo kwake upake mafuta oyera aja amabwera nako, ndiwo amachotsa kutentha. Ndikatuluka ndidzamanga ndekha."

"Ukatuluka udzapeza yamangidwa."

Merv adafunsa, "Mwaziika pati?"

Noeleen adafotokoza: nthambi ya mtsinje, dziwe lobiriwira, mpanda wakugwa mbali imodzi.

"Kwa Dulcie Amery kumeneko," adatero Merv. "Ng'ombe zake zimamwa pa dziwe limenelo madzulo. Zikayamba kudzikanda pa ming'oma zigwetsa yonse. Munaimanga?"

Sadaimange. Malamba adali m'pikapu, pomwe Lopeti adawaponya.

Noeleen adayang'ana kunja. Dzuwa lidali litapendeka, koma lidali likadalipo. Lopeti adayamba kudzuka pampando, ndipo iye adamukankhira pansi ndi dzanja limodzi.

"Iwe khala. Imbira Kerryn adzakutenge."

"Simunganyamule nokha, Mayi."

"Sindikukanyamula, ndikukamanga." Adatenga jagi ya madzi oundana yomwe idali pa tebulo la Merv, adakhuthulira madzi m'kapu, n'kutsala ndi zibulumwa zoundana zoti aziziritsire kabokosi kaja. "Iyi ndabwereka. Nesi akafunsa umuuze chilichonse, nkhalamba iwe, poti kupeka nkhani umatha."

Adatuluka jagi ili m'manja, akufunafuna kiyi m'matumba onse.